Denga la amayi silinasasulidwe ndi Freddy yekha

Usiku wa Lamlungu, pa 12 Malichi 2023, denga la nyumba ya amayi anga kufupi ndi Limbuli linanyamuka lonse nthawi imodzi. Sikuti malata ankathothoka limodzilimodzi ayi. Linanyamuka lathunthu, mapaso ndi misomali yomwe, n'kukagwa chagada m'munda wa chinangwa kuseri kwa nyumba. M'katimo munali amayi ndi adzukulu awo awiri. Mwa chisomo cha Mulungu anatuluka amoyo, wamng'onoyo atatemeka pamutu ndi njerwa imene inagwa kuchokera pamwamba. Mvula sinakate. Inagwera pa makoma opanda chofunda Lolemba lonse, ndipo pofika Lachiwiri madzulo khoma lakumbuyo linali litakhala pansi. Amayi, munthu woti chimwalirire bambo anali asanagonepo pakhomo pa eni, anakagona pa simenti m'kalasi ya sukulu ya pulayimale pamodzi ndi theka la mudzi.

Munthu akandifunsa pagulu kuti nyumbayo inagwa bwanji, ndimayankha monga ayankhira aliyense: ndi Freddy. Yankholi si labodza. Namondwe ameneyu anazungulira masiku 36 asanathe mphamvu, anagunda dziko la Mozambique kawiri, ndipo kachiwiriko anatulukira pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe, mbali ina ya phiri lathu la Mulanje, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Pa 13 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma a kummwera ali pa ngozi. Akufa ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 650,000 anasiya nyumba zawo. Ambiri mwa abale amene tinawataya ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Chilobwe anatengedwa ndi madzi, matope ndi miyala yogubuduka kuchokera m'mapiri. Pamenepo panalibe msomali kapena waya woti n'kupulumutsa munthu, ndipo za iwowo ndilibe mawu ena koma kulira nawo.

Koma pakhomo pathu napolo sanadutse. Madzi a mtsinje sanafike pabwalo. Kunabwera mphepo ndi mvula basi. Ndipo pamtunda woti mwana n'kuponya mwala kuchokera pa nyumba ya amayi pali nyumba ya amalume, ya malata akale ofiirira ndi dzimbiri, amene anakhomedwa ine ndili ku pulayimale. Mphepo inali yomweyo, usiku unali womwewo. Denga la amalume silinasunthe. Lathu linali lisanakwanitse zaka ziwiri, likadanyezimira. Chifukwa chiyani? Yankho lake ndi limene ndikufuna mulimve inu amene mwasunga kandalama kuti chilimwe chino muchotse udzu kapena malata akale pa nyumba yanu, kapena ya makolo kumudzi. Denga lija tinalipereka tokha kwa mphepo mu Sepitembala 2021, sabata imene tinkalikhoma, ndipo amene anagwira chikwama sabata imeneyo ndine.

Tiyambe tachotsa bodza limene timadzitonthoza nalo. Timati Malawi alibe nyanja ya mchere, ndiye za anamondwe ndi za anthu a ku Beira ndi ku Quelimane. M'bale wanga, kuchoka pa Boma la Mulanje kukafika ku Quelimane, mbalame itauluka molunjika, sipakwana makilomita 300, ndipo pakatipa mapiri ndi apatalipatali. Mpweya wachinyezi wochokera kunyanja umayenda osapunthwa mpaka kudzagunda phiri lotalika mamita 3,002, n'kukhuthulira madzi ake pa ife. N'chifukwa chake tiyi amakonda kuno. N'chifukwa chakenso mu Juni ndi Julayi, anzathu a ku Lilongwe akuyanika chimanga padzuwa, ife timakhala tili m'chiperoni, kamvula kosamveka kugwa koma konyowetsa chilichonse, kamene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone kutsidya kwa malire. Mchere wa m'nyanja sufika kuno, koma chinyezi chake ndi mphepo yake zimafika. Tawerengani nokha: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu 2023, Chido mu Disembala 2024. Onsewa analowa m'dziko muno kudzera ku Mozambique. Kodi mmisiri wanu akukhoma denga la ku Mulanje, kapena la kwina kumene mphepo zotere sizifikako?

Mng'ono wanga ali ku Joni. Anatha zaka zitatu akudzimana, cholinga chili chimodzi: amayi asiye kufunafuna udzu chaka ndi chaka, asiye kusuntha mphasa pakati pa usiku mvula ikayamba kudontha. Ndalama anatumiza kwa ine, poti ndimagwira ntchito ku Limbe ndipo amati ndimadziwa mitengo ya zinthu. Makoma analipo kale, a njerwa zootcha koma zomangira dothi, amene bambo anamanga kuti azisenza udzu. Ntchito inali yongogwetsa denga lakale n'kuikapo la malata. Tinkaiona ngati ya masiku atatu.

M'sitolo wogulitsa anayamba wandionetsa malata a geji 28. Nditamva mtengo wake ndinachita kakasi, chifukwa ndalama zikanathera pomwepo, osatsala za khonde. Kenako anatulutsa ena, onyezimira kuposa oyamba aja, opanda chidindo chosonyeza geji kapena kampani imene inawapanga. "Awa ndiye akuyenda kwambiri, bwana. Lata ndi lata, lililonse limatchinga mvula." Ndinawagwira. M'mphepete mwake munkapindika ndi zala ziwiri. Ndinaona, ndinadziwa, komabe ndinawerengera kuti ndikatenga amenewa, zotsalazo ndimangira amayi khonde lalikulu lakumaso, loti odutsa m'njira azidziwa kuti pakhomo pano pali ana. Ngati simunadziwe, dziwani lero: pa geji, nambala ikamakwera lata limapyapyala. La 32 ndi lopyapyala kuposa la 30, la 30 kuposa la 28. Ambiri timaganiza kuti nambala yaikulu ndiye kulimba, ndipo si wogulitsa aliyense amene angakuwongolereni. Vuto la lata lopyapyala si kudontha. Ndi loti mphepo ikalikoka, limang'ambika mozungulira mutu wa msomali, msomaliwo n'kutsala m'thabwa lata litapita.

Matabwa tinagula a bulugama, ochekedwa sabata yomweyo, akadali ndi madzi. Mmisiri tinatenga amene anatchula mtengo wotsika kuposa anzake, tinagwirizana ndalama ya ntchito yonse, ndipo anali ndi ntchito ina ikumudikira kumudzi wina. Munthu wotero tsiku lililonse limene wakhalitsa pa nyumba yanu amaliona ngati akuluza. Matabwa opingasa, aja malata amakhomedwapo, anawatalikitsa kuti amene tinagulawo akwane. Denga analigoneka kwambiri, silinaime, ati kuti tisawononge malata ambiri. Zonsezi ndinavomera ndikugwedeza mutu.

Tsiku lachiwiri, mapaso atakwera, kunabwera amalume ndi ndodo yawo. Iwowa anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ya tiyi, m'gulu lokonza nyumba za antchito. Anazungulira nyumbayo kawiri osayankhula. Analowa m'kati n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Nanga waya ali kuti?"

Mmisiri anayankha ali pamwamba pomwepo. "Madala, zimenezo n'zachikale. Tikakhoma malata titseka ndi njerwa ndi dothi pakati pa mapasowa, sangasunthe. Denga ndi lolemera ili."

Amalume sanakangane naye. Anatembenukira kwa ine. "Mphwanga, denga ili langokhala pakhoma ngati chipewa pamutu. Kagule waya, tiboole khoma, timange mapaso onse."

Linali Loweruka, ndipo Lolemba m'mawa ndinkayenera kukhala ndili pa ntchito. Waya ankafuna ulendo wina wa kabaza kupita kumsika, ndi tsiku lina la mmisiri. Mtengo wa waya yense wofunika sunkafika pa mtengo wa malata awiri. Ndinati, "Amalume, musadandaule, amisiri a masiku ano akuidziwa ntchito." Anandiyang'ana, anati "Chabwino," n'kubwerera kwawo pang'onopang'ono.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene chinandikanitsa, chifukwa kunena kuti unali umphawi n'kunama. Ndalama ya khonde inalipo, ya penti wa zitseko inalipo. Chimene chinandikanitsa n'choti waya saoneka. Madzulo a Lamlungu ndinaima pabwalo n'kujambula nyumbayo dzuwa likuwala pamalata, chithunzicho ndinatumiza ku Joni pa WhatsApp, mng'ono wanga n'kuchiika poti anzake onse aone. Ndani anajambulapo waya wobisika m'khoma n'kutumiza kwa mwini ndalama? Tikamagwiritsa ntchito ndalama ya m'bale amene ali kutali, mtima umathamangira zinthu zooneka pa chithunzi. Inu amene mumatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, mumafunsa chithunzi cha chiyani? Cha kunja kokha? Ndipo inu amene mwasungitsidwa ndalamayo, mukufuna m'bale wanu akondwe sabata ino, kapena amayi agone mwamtendere zaka 20?

Mmisiri uja ananena kuti denga ndi lolemera, ndipo ambiri timakhulupirira zomwezo. Timaganiza kuti mphepo imakankha denga kuchokera m'mbali, ndiye cholemera sichingasunthe. Si mmene zimachitikira. Mphepo ikamathamanga pamwamba pa denga imaliyamwa, kulikokera kumwamba, monga imachitira ndi ambulera ikamaitembenuza. Kukokako kumakula kwambiri m'makona, m'mphepete ndi pamsonga pokumana malata. Denga logona limakokedwa kuposa loima. Chitseko kapena zenera la mbali yochokera mphepo likatseguka, mpweya umadzaza m'nyumba n'kumakankhanso kuchokera pansi. Ndiye kumwamba kukukoka, pansi kukukankha. Denga la malata la nyumba ya zipinda zitatu anyamata ochepa atha kulinyamula ndi manja. Kwa mphepo yotere si kanthu.

Denga la udzu limene tinagwetsa lija linali ndi nzeru zake. Linali loima, mphepo inkadutsa pakati pa udzu, likanyowa linkalemera, ndipo ikavuta kwambiri inkangozula mitolo ingapo yoti mawa lake munthu n'kubwezeretsa. Makoma a bambo anamangidwa kuti azisenza katundu wotsikira pansi. Ife tinaikapo chinthu chopepuka, chosadutsa mpweya, chokokera kumwamba, osachimangirira ku chilichonse. Sindikunena kuti tibwerere ku udzu. Udzu wabwino ukusowa, umapsa, umasunga makoswe, ndipo amayi anali atatopa nawo. Ndikunena kuti kusintha denga n'kusintha nyumba yonse, ndipo khoma liyenera kufunsidwa ngati lingathe kugwira mlendo watsopanoyo.

Denga lolimba lili ngati unyolo. Lata ligwire thabwa lopingasa, thabwalo ligwire phaso, phaso ligwire thabwa logona pamwamba pa khoma, ndipo zonsezi zimangidwe ku khoma lenilenilo ndi waya wokhuthala wopinda pawiri kapena kachitsulo kaphanthiphanthi, kolowa pansi mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya njerwa, kapena kozungulira lamba wa konkire uja amisiri amati ring beam, ngati nyumba ili naye. Mphepo ikafuna kunyamula denga lotere iyenera kunyamula ndi khoma lomwe. Kwathu unyolowu unathera pa phaso. Dothi lotsekera pakati pa mapaso limatchinga fumbi ndi mileme, silimanga kanthu. Ndipo khonde langa lija, limene ndinalikonda kuposa waya, tinalilumikiza ku mapaso omwewo a nyumba. Amayi amati usiku umenewo kunayambira kukhonde. Mphepo inalowa pansi pake, inalitukula, khondelo n'kukoka denga lonse. Khonde likhale ndi denga lakelake, loti likapita lipite lokha.

Chimene chimandipweteka koposa si tsiku la waya lija. Ndi miyezi 18 yotsatira, imene denga linkatichenjeza ife osamva.

Mvula yoyamba ya mu Novembala 2021 itagwa, munadontha malo atatu. Misomali ina inakhomedwa m'ngalande ya lata, mmene mumayenda madzi, m'malo mwa pamsana pake. Amayi anatchera mabeseni, tinati ndi zazing'ono. Pofika Khirisimasi bulugama uja anali atauma, ataonda, kwina atapotoka, ndipo mitu ya misomali inayamba kutukuka moti munthu ataima pabwalo ankaiona itaimirira. Thabwa laliwisi likauma limamasula msomali umene linaugwira. Mphepo ikangowomba pang'ono, kona ya kummawa inkalira, phaa, phaa, usiku wonse. Lata lokhomedwa bwino silimenya choncho.

Kenako kunabwera Ana, pa 24 Januwale 2022, namondwe uja anawononga damu la Kapichira dziko n'kukhala mumdima. Netiweki itabwerera amayi anandiimbira. "Mwanangu, dengali likupuma. Likumakwera n'kutsika ngati chifuwa cha munthu." Anandiuza kuti dothi la pamwamba pa khoma lang'ambika mzere wautali, ndipo zidutswa zake zikugwera pabedi. Mng'alu umenewo unali kalata yolembedwa momveka, yoti denga lanyamuka kale kamodzi n'kubwerera. Ine ndinachita chiyani? Ndinatumiza kandalama pafoni kuti anyamata akweze njerwa, miyala ndi tayala lakutha pamwamba. Pasanathe miyezi iwiri kunadutsa Gombe, denga silinachoke, ndiye tinati layesedwa, lapambana. Chilimwe chonse cha 2022 chinadutsa, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, nthawi yokwanira kuboola khoma lonse n'kumanga phaso lililonse. Ndinapita kumudzi kanayi. Sindinakwere pamwamba ngakhale kamodzi. Njerwa imene inatema mwana wa mlongo wanga pamutu inali imodzi mwa zimene ndinalamula kuti zikwezedwe.

Tayendani kuchoka pa Chitakale kulowera ku Muloza mukuyang'ana madenga. Muwerenga angati osanjikidwa miyala, njerwa, zitsa ndi matayala? Mwala uliwonse padenga ndi umboni woti mwini nyumba akudziwa kale kuti denga lake silinamangidwe. Palibe amene amakweza mwala pa denga limene akulikhulupirira. Mwalawo umathandiza pa mphepo ya masiku onse, n'chifukwa chake umatigoneka tulo. Ikafika mphepo yeniyeni umagwera m'kati, pamene pagona ana. Nanga padenga panu pali chiyani? Munakweza liti, ndipo munati muchotsa liti?

Mvula itatha tinapita kukatola malata m'munda muja, tikuganiza kuti ena tiwawongola. Pamenepo m'pamene ndinaona ntchito ya chinyezi cha ku Mulanje. Lata ndi chitsulo chokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka zinki, ndipo moyo wa lata ndi kachikopako. Paliponse pamene panakhala njerwa panali patakalika, pansi pake posauma, dzimbiri litayamba. Mozungulira mabowo a misomali munali mikombero yofiira. Mbali ya kumtengo wa mapeyala, kumene masamba ankaunjikana n'kuwolerapo, malata anali atachita mawanga. Kunsi kwake nako kunali kutadyeka, chifukwa nthawi yozizira amayi ankalowetsa mbaula m'nyumba, ndipo usiku wa chiperoni nthunzi imasanduka madontho kunsi kwa lata lozizira. Izi zinachitika m'chaka chimodzi ndi theka. Kumalo ouma lata lotchipa litha kukunamizani zaka zingapo. Kuno silichedwa kuulula.

Nditachoka m'mundamo ndinakalowa m'nyumba ya amalume n'kuyang'ana kumwamba, monga anachitira iwo tsiku lija. Denga lawo ndi la mbali zinayi, loima bwino, lotuluka pang'ono chabe kunja kwa khoma. Malata ndi okhuthala, dzimbiri lili pamwamba pokha. Nsonga ya msomali uliwonse inapindidwa kunsi kwa thabwa. M'mphepete ndi pamsonga misomali ndi yothithikana kuposa pakati. Ndipo pa phaso lililonse pali waya wopota pawiri, wakuda ndi utsi, wolowa m'khoma. Sanandikumbutse zimene ananena. Anangondipatsa mpando.

Matabwa awo ena ndi a mkungudza, umene chiswe sichiudya ndipo suwola msanga. Mwayi umenewo ife tilibe. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonse la Mulanje, mtengo umene ndi chizindikiro cha dziko lathu. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi matabwa a mkungudza, mukaneni, musakhale nawo m'gulu lomaliza phiri. Ife tatsala ndi bulugama ndi paini, ndipo mitengo imeneyi imafuna chisamaliro chimene mkungudza sunkafuna. Gulani matabwa miyezi ingapo ntchito isanayambe, muwasanje pamthunzi mpweya uzidutsa, aume. Apakeni mankhwala oteteza ku chiswe ndi kufumbwa asanakwere, makamaka kumapeto kumene akhudze khoma. Thabwa lofumbwa silingagwire msomali ngakhale utakhala wabwino chotani.

Nzeru za amalumezi si zachinsinsi, ndipo si zachikale. Zivomerezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zitagwetsa nyumba, boma ndi mabungwe analemba malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo kumangirira denga ku khoma kuli momwemo. Vuto ndi loti m'dziko muno tinazolowera kuyeza chitukuko ndi lata. Munthu akakhoma malata timati watukuka, osafunsa kuti akhala zaka zingati. Ngakhale ndondomeko ya boma ya malata ndi simenti zotsika mtengo, imene inabwera ndi ulamuliro wa Peter Mutharika mu 2014, tonse tinkangoitchula ndi zinthu ziwiri zooneka zija. Ndikanakonda tsiku lina mafumu ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi atamayendera nyumba imene ikufoleredwa, mapaso ali poyera, monga amayendera zimbudzi nthawi ya kolera. Denga losamangidwa si ngozi ya mwini yekha. Lata likauluka limadula ngati chikwanje, ndipo silisankha kuti uyu ndi wa pakhomo pano kapena wodutsa.

Foni yovuta kuposa zonse inali ya mng'ono wanga. Anamvetsera zonse ali chete, kenako anafunsa, "Achimwene, kodi si denga latsopano lija?" Ndinalibe choyankha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo popeza chitsulo cha malata chimachokera kunja, mitengo inakwera mosayerekezeka. Ndalama imene mu 2021 ikanagula malata okhuthala ndi waya yemwe inali yosakwananso ngakhale opyapyala aja. Tinayenera kumanganso khoma, kugulanso matabwa, kulipiranso mmisiri. Amayi anakhala dzinja lathunthu m'kakhitchini ka udzu. Ine ndinapulumutsa mtengo wa malata awiri, mng'ono wanga n'kulipira ndi zaka zina ziwiri za thukuta lake.

Mwina mukuti, zonsezi n'zabwino koma ndalama zanga n'zochepa. Ndikukumvani. Ndalama zikachepa, chepetsani zooneka. Siyani khonde, lidzabwera chaka china. Siyani penti. Folerani zipinda ziwiri bwinobwino kusiyana n'kufolera zinayi mwachinyengo. Zikavutitsitsa, udzu ukhale chaka china chimodzi mukusonkhanitsa, palibe manyazi pamenepo. Koma waya, misomali yeniyeni ya malata yokhala ndi zipewa, ndi matabwa opingasa okwanira, osatalikirana kufika mita yathunthu, zimenezi musazichepetse. Lata lopanda chidindo lisiyeni m'sitolo momwemo. Funsani geji, funsani kampani, muone zolembedwa pa lata lenilenilo, osati pakamwa pa wogulitsa.

Mmisiri musamusankhe ndi mtengo wokha. Mufunseni nyumba zimene anafolera 2022 isanafike, mupite mukazione ngati zikadali ndi madenga ake, mulowe m'kati. Mufunseni kuti denga alimanga bwanji ku khoma. Akakuyankhani kuti ndi lolemera, kapena kuti dothi ligwira, mutsanzikeni mwaulemu. Ntchito ichitike mu Ogasiti kapena Sepitembala, osati mitambo itayamba kale kusonkhana paphiri, chifukwa denga lokhomedwa mothawa mvula limakhomedwa mwaphuma. Ndipo tsiku limene mapaso akwera, lata lisanakhomedwe ngakhale limodzi, mukhalepo inu mwini. Pemphani tchuthi kuntchito ngati kuli kofunika. Ndi tsiku lokhalo limene zonse zili poyera. Malata akangotseka, cholakwa chilichonse chabisika mpaka usiku umene chidzadziulule chokha. Ngati muli kutali, uzani amene ali kumudzi akujambulireni pokumana phaso ndi khoma, kona iliyonse, musanatumize ndalama yomaliza. Ndipo ngati pamudzipo pali wachikulire amene anaona madenga ambiri kuposa inu, akayankhula muimitse ntchito.

Kwa inu amene denga munakhoma kale, nthawi sinathe. Khoma limabooleka, waya amalowa, misomali yotukuka imachotsedwa n'kuikapo ina, masamba amasesedwa. A zanyengo akalengeza pa wailesi kuti kukubwera namondwe, tsekani zitseko ndi mazenera zolimba. Mukamva denga likupuma, musadikire kuti muone mathero ake, ndipo musatume mwana kukwera pamwamba kukaligwira. Tulutsani ana ndi okalamba kukadali kowala, mupite nawo ku nyumba yolimba.

Nyumba ya amayi tinaifoleranso. Ndi yocheperapo kuposa kale, ilibe khonde, ndipo amalume anawerenga okha waya aliyense asanalole kuti lata loyamba likwere. Mdzukulu uja chipsera chili pamphumi, ndipo mphepo ikayamba usiku amakagona kumiyendo kwa agogo ake.

M'bale wanga, lero lomwe tengani tochi, mulowe m'chipinda chimene mumagona ana anu, muunike pamene phaso lakumana ndi khoma. Mukapanda kuonapo waya, itanani mmisiri mwezi uno, mvula isanayambe.